Pamene Chithunzi cha M'thupi Chifunika Maso a Dokotala Wachiwiri

Pa njira zonse zimene madokotala amafufuzira matenda, kujambula m'thupi ndi kumene odwala ambiri amakukhulupirira koposa, chifukwa chimene chatuluka m'makina chimaoneka ngati umboni wosatsutsika, wosiyana ndi maganizo a munthu amene angathe kuphonya. Wodwala akabwerera kwawo amauza abale ake kuti makina apeza chotupa, kapena kuti makina sanapeze kanthu, ndipo nkhani imathera pomwepo. Komabe makina ojambulira satchula dzina la nthenda iliyonse. Ntchito yake ndi kutulutsa chithunzi cha madera oyera, otuwa ndi akuda, ndipo amene amanena tanthauzo la maderawo ndi munthu, yemwe amawerenga chithunzicho malinga ndi maphunziro ake, zimene wauzidwa za wodwalayo, nthawi imene ali nayo ndiponso mmene maso ake atopera tsiku limenelo. N'chifukwa chake kupempha dokotala wina kuti aonenso zithunzi zomwezo n'kupereka maganizo ake payekha ndi mbali yodziwika ya ntchito ya chipatala, ngakhale kuti phindu lake limadalira nthawi imene munthu wapempha, zimene wanyamula popita kwa dokotala wachiwiriyo, ndi chimene chimachitika madokotala awiriwo akasiyana mawu.

X-ray, imene Wilhelm Röntgen anaitulukira mu 1895 ku Würzburg m'dziko la Germany, ndi cheza chosaoneka ndi maso chimene chimadutsa mosavuta pamene pali mpweya koma chimatchingidwa ndi mafupa, moti chotuluka pa filimu kapena pa kompyuta ndi chithunzithunzi cha ziwalo zonse zitasanjikizana, nthiti pamwamba pa mapapo ndi mtima patsogolo pa msana, ndipo chotupa chaching'ono chingathe kubisala kuseri kwa nthiti kapena kuseri kwa mtima. Makina a CT amagwiritsa ntchito cheza chomwecho, koma amachiyendetsa mozungulira thupi n'kutulutsa zithunzi za magawomagawo opyapyala. Wodwala woyamba anajambulidwa ndi makina a Godfrey Hounsfield ku London mu 1971, ndipo Hounsfield analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg amene anayamba kuganizira masamu a njirayi akuthandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. MRI imagwira ntchito ndi maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi, ndipo imaonetsa bwino ziwalo zofewa monga ubongo ndi mitsempha ya mumsana. Makina amene anafika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 ndi amene anathandiza ofufuza kuonetsa, mu 2015, kuti kutupa kwa ubongo ndi kumene kumapha ana ambiri odwala malungo a muubongo. Sikani, imene amayi oyembekezera amaidziwa bwino, imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka m'makutu, amene amagunda chiwalo n'kubwerera.

Chithunzi chilichonse chimadutsa m'manja mwa anthu a ntchito zosiyana, amene wodwala amangowatcha onse kuti adokotala. Wojambula, yemwe anaphunzira kuyendetsa makina ndi kuika wodwala bwino, ndi amene amaonetsetsa kuti chithunzi chatuluka chooneka, koma kawirikawiri si ntchito yake kunena matenda. Dokotala amene anachita ukatswiri wowerenga zithunzi za m'thupi, wotchedwa radiologist, ndi amene amalemba lipoti, kutanthauza kalata yofotokoza zimene waona ndi matenda amene akuwaganizira, ndipo pomalizira pake dokotala wosamalira wodwalayo amaphatikiza lipotilo ndi mbiri ya matenda komanso zotsatira za magazi, makhololo kapena mkodzo. Ku Malawi akatswiri owerenga zithunzi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ndipo amapezeka makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, moti X-ray yojambulidwa pachipatala cha m'boma kapena cha mishoni nthawi zambiri imawerengedwa ndi clinical officer kapena dokotala yemwe anaitanitsa chithunzicho, ali ndi mzere wa odwala pakhomo. Ambiri mwa iwo amaigwira ntchitoyi mwaluso lotamandika, koma mfundo yofunika kuizindikira ndi yakuti chimene m'mayiko ena chimatchedwa maganizo achiwiri, kwa wodwala wa ku Nsanje kapena ku Chitipa chimakhala nthawi yoyamba kuti katswiri aone chithunzi chake.

Chifukwa chake akatswiri amasiyana

Kuti owerenga zithunzi amaphonya si nkhani yamiseche, ndipo amene anayamba kuiyeza poyera anali mmodzi mwa iwo. Mu 1949 L. Henry Garland, katswiri wa ku San Francisco, anasonyeza kuti madokotala odziwa ntchito akapatsidwa zithunzi za pachifuwa zimene zinalidi ndi vuto, ankaphonya pafupifupi 30 pa zithunzi 100 zilizonse, ndiponso kuti dokotala yemweyo akapatsidwanso zithunzi zimene anaziwerenga kale, ankatsutsana ndi mawu ake oyamba pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu. Chiwerengero chimenechi chimafunika kuchimvetsa bwino, chifukwa chikunena za zithunzi zokhazo zimene zili ndi matenda. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, pamene zithunzi zambiri zimakhala za anthu opanda vuto, zolakwika zimapezeka pa zithunzi zitatu mpaka zisanu pa 100 zilizonse. Chodabwitsa ndi chakuti ziwerengerozi sizinasinthe kwenikweni ngakhale kuti makina apita patsogolo kwambiri kuyambira nthawi ya Garland, ndipo mwa zifukwa zake china ndi chakuti makina atsopano amachulukitsa ntchito ya maso, popeza CT imodzi ya pachifuwa ndi pamimba imatulutsa zithunzi mazana angapo zimene munthu mmodzi ayenera kuzidutsa chimodzichimodzi.

Zolakwika zambiri zimachokera pa kusaona chinthu chimene chilipo, ndipo zochepa zimachokera pa kuchiona koma n'kuchimasulira molakwika. Mu 2013 ofufuza a ku Boston, Trafton Drew, Melissa Võ ndi Jeremy Wolfe, anaika kachithunzi ka nyani wamkulu wotchedwa gorilla mkati mwa CT ya mapapo, kokulirapo maulendo 48 kuposa tizotupa timene owerenga anauzidwa kuti afunefune, ndipo mwa akatswiri 24 amene anayesedwa, 20 sanakaone, ngakhale kuti chida chotsata kayendedwe ka maso chinasonyeza kuti ambiri mwa iwo anayang'ana pamalo pomwepo. Maso amaona chimene mutu ukufunafuna, ndipo katswiri amene wauzidwa kuti afufuze chibayo angathe kudutsa fupa lothyoka la nthiti osaliona. Palinso chizolowezi china chimene akatswiriwo amachidziwa ndi kuchiopa, chakuti munthu akapeza vuto limodzi mtima umakhala pansi ndipo amasiya kufufuza lachiwiri, pamene mwina lachiwirilo ndi limene lili loopsa.

Kusiyana pomasulira nako si kochepa. Mu 2017 magazini ya The Spine Journal inafalitsa kafukufuku wa mayi mmodzi wa zaka 63, wodwala msana, amene anajambulidwa MRI m'malo 10 osiyana m'milungu itatu yokha. Malipoti 10 amene anatuluka anatchula zinthu 49 zosiyanasiyana, koma panalibe ngakhale chimodzi chimene chinatchulidwa m'malipoti onse. Msana unali womwewo, ndipo zimene zinasiyana ndi makina, kajambulidwe, ndi anthu owerenga.

Anthu ambiri akamva za kulakwitsa amaganiza za matenda amene anaphonyedwa, koma vuto la mbali inayo, lotchula matenda pamene palibe, limavulaza mofananamo ndipo silikambidwa kawirikawiri. Mu 1994 New England Journal of Medicine inafalitsa zotsatira za MRI ya msana ya anthu 98 amene sankamva ululu uliwonse, ndipo 52 pa 100 alionse anapezeka kuti kachigawo kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana, kamene madokotala amakatcha disiki, kanali kotundumuka pamalo amodzi kapena angapo, pamene 36 okha pa 100 ndi amene madisiki awo onse anali abwinobwino. Zimenezi zikutanthauza kuti munthu wopweteka msana akauzidwa kuti disiki yake yatundumuka, mawuwo angakhale oona koma osafotokoza chimene chikumupweteka, ndipo opaleshoni yochitidwa pongodalira chithunzicho ingathe kukonza chinthu chimene sichinali kumuvutitsa. Pamenepa phindu la dokotala wachiwiri limakhala lomuletsa munthu kupita kumpeni popanda chifukwa chokwanira.

Matenda ofala m'chigawo chino cha Africa amawonjezera chisokonezo chawochawo, chifukwa angapo mwa iwo amafanana kwambiri pachithunzi. Mthunzi wa m'mapapo ungakhale chifuwa chachikulu chimene chikudya munthu panopa, chipsera cha chifuwa chachikulu chimene chinachira zaka zapitazo, khansa ya Kaposi imene imagwira kwambiri anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV, kapena khansa ya m'mapapo, ndipo chithandizo cha matenda anayiwa ndi chosiyana kotheratu. Fupa la msana lodyeka lingakhale TB ya mumsana, imene imachira ndi mankhwala, kapena khansa yofalikira kuchokera ku chiwalo china. Kachotupa ka muubongo mwa munthu amene wayamba kugwa khunyu kangakhale TB, kangakhale tizilombo ta njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, kapenanso matenda otchedwa toxoplasmosis. Mu 2012 magazini ya World Health Organization inafotokoza ntchito imene bungwe la Médecins Sans Frontières linachita pachipatala cha Thyolo, kumene zithunzi za X-ray zovuta kumasulira zinkatumizidwa pa intaneti kwa katswiri wa ku United States, ndipo pa odwala 158 chithandizo chinasinthidwa kwa pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Zithunzizo zinali zosankhidwa chifukwa cha kuvuta kwake, choncho chiwerengerocho sichikunena za X-ray iliyonse ya ku Thyolo, koma chikusonyeza pamene maso achiwiri amalipira kwambiri, pa chithunzi chimene wowerenga woyamba nayenso anachikayikira.

Nthawi yoyenera kupempha

Si chithunzi chilichonse chimene chimafunika kuwerengedwa kawiri, ndipo fupa la mkono lothyoka moonekeratu silifuna msonkhano wa akatswiri. Pempholi limakhala ndi maziko pamene lipoti likutsogolera ku chinthu chachikulu chosabwezeka, monga kuchotsa chiberekero, bere kapena impso, opaleshoni ya msana kapena ya ubongo, kapena kuyamba mankhwala a khansa. Pamene lipoti likunena kuti zonse zili bwino koma wodwala akuondabe, akutsokomola magazi kapena ululu ukukulirakulira. Pamene munthu wamwa mankhwala kwa nthawi imene anayenera kuyamba kupeza bwino koma palibe chikusintha, monga zimachitikira kwa ena amene anayambitsidwa mankhwala a TB pongoona X-ray, makhololo asanaonetse kachilombo. Ndiponso pamene lipoti lenilenilo lalembedwa mokayikira, likutchula matenda awiri kapena atatu osasankhapo. Ana aang'ono amafunikanso kusamala kwapadera, chifukwa mafupa awo amene akukula amakhala ndi mizere imene munthu wosazolowera angaiyese kuthyoka, ndipo kuseri kwa fupa la pachifuwa amakhala ndi kachiwalo kotchedwa thymus kamene pa X-ray kamaoneka ngati chotupa.

Pali nthawi zina pamene kufunafuna maganizo ena kumaika moyo pachiswe. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero imene yayamba kutaya magazi, magazi oundana m'mutu pambuyo pa ngozi ya pamsewu, matumbo opotana kapena obooka, ndi chotupa chopanikiza mtsempha waukulu wa mumsana mwa munthu amene miyendo yayamba kufooka, zonsezi zimawerengedwa m'maola, ndipo kunyamula wodwala wotere kupita naye kumzinda wina kukafunsa kungamuphe kapena kumupundula. Ngakhale pa khansa, imene imapereka mpata wa masiku angapo, kuwerenganso zithunzi kuyenera kuyendera limodzi ndi kukonzekera chithandizo, wodwala asataye tsiku limene anapatsidwa kuchipatala choyamba. Palinso khalidwe lina limene limadzitcha kufufuza choona koma kwenikweni ndi kuthawa uthenga wowawa, la munthu amene amayenda chipatala ndi chipatala, wachitatu, wachinayi, kufikira atapeza womuuza zimene mtima wake ukufuna. Amene amapindula ndi ulendo wotere ndi matendawo ndi olandira ndalama.

Zimene dokotala wachiwiri amafuna

Cholakwika chofala kwambiri ndi kupita kwa dokotala wachiwiri ndi lipoti lokha. Lipoti ndi maganizo a wowerenga woyamba, ndipo amene waliwerenga popanda zithunzi angathe kungofotokoza tanthauzo la mawu ake, koma sangaone chimene mnzakeyo anachiphonya. Zofunika ndi zithunzi zenizenizo, kaya ndi filimu, kaya ndi zosungidwa pa CD kapena pa fulashi m'kalembedwe kotchedwa DICOM, kamene zipatala zakhala zikugwiritsa ntchito kuyambira 1993 ndipo kamalola wowerenga kukulitsa chithunzi, kusintha kuwala kwake kuti aone fupa payekha ndi mapapo paokha, kuyeza chotupa m'mamilimita ndi kudutsa magawo onse a CT kapena MRI. Chithunzi chojambulidwa ndi foni kuchokera pa filimu yopachikidwa pawindo, n'kutumizidwa pa WhatsApp, chimataya zambiri mwa zimenezi, chifukwa pulogalamuyo imachepetsa chithunzi pochitumiza ndipo kuwala kwa panja kumabisa mithunzi yopyapyala. Chingathandize pa fupa lothyoka kapena pamene palibiretu njira ina, monga zimakhalira m'zipatala zakutali, koma sichiyenera kukhala maziko ochotsera munthu chiwalo. Wodwala wojambulidwa pa makina a kompyuta amachita bwino kupempha kope lake tsiku lomwelo, asanachoke, chifukwa kubwerera patapita miyezi kukalifuna kumawononga ndalama za ulendo ndipo nthawi zina zithunzi zakale zimakhala zitafufutidwa.

Zithunzi zakale za chiwalo chomwecho ndi zamtengo wapatali kuposa mmene odwala ambiri amaganizira. Kachotupa ka m'mapapo kamene kanalipo zaka ziwiri zapitazo ndipo sikanakule ngakhale pang'ono kawirikawiri si khansa, pamene kofanana nako kamene kulibe pachithunzi cha chaka chatha kamafuna kufufuzidwa msanga, ndipo palibe katswiri, ngakhale wodziwa chotani, amene angasiyanitse ziwirizi popanda chithunzi chakalecho. Filimu imasungika bwino mu envelopu yake, yosapindidwa, kutali ndi chinyezi ndi dzuwa. Buku la kuchipatala liyeneranso kupita nawo, pamodzi ndi zotsatira za magazi ndi makhololo, mbiri ya TB imene munthu anadwalapo, ngati ali pa ma ARV, ntchito imene ankagwira, makamaka ngati anali m'migodi kumene fumbi la miyala limasiya zipsera m'mapapo, ndiponso funso lenileni limene likufuna yankho. Ena amabisa zonsezi pofuna kuyesa dokotala wachiwiriyo, koma potero amangomulanda zida zogwirira ntchito. Lipoti loyamba lokha ndi limene lili ndi vuto lake, chifukwa munthu akawerenga maganizo a mnzake asanaone chithunzi maso ake amakokedwera komweko, ndipo akatswiri osamala amayamba aona zithunzi, n'kulemba zawo, kenaka n'kutsegula lipoti loyambalo kuti aone pamene asiyana.

Kuwerenganso zithunzi n'kosiyana ndi kujambulanso, ndipo wodwala ayenera kufunsa chifukwa chake ngati chipatala chachiwiri chikufuna kuyambiranso zonse. X-ray imodzi ya pachifuwa imapereka cheza chokwana pafupifupi 0.1 pa muyeso wotchedwa millisievert, pamene CT ya pachifuwa imapereka pafupifupi 7, poyerekeza ndi 2.4 imene munthu wamba amalandira pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumlengalenga. Chiopsezo cha CT imodzi ndi chaching'ono ndipo sichiyenera kuletsa munthu kujambulidwa pamene pakufunikadi, koma chimaunjikana, chimakula kwa ana ndi kwa mwana wosabadwa, ndipo mankhwala obayidwa mumtsempha kuti ziwalo zioneke bwino angalemetse impso zimene zili kale zofooka. Kujambulanso kumakhala koyenera ngati chithunzi choyamba chinatuluka mosaoneka bwino chifukwa wodwala anagwedezeka kapena sanakoke mpweya mokwanira, ngati sichinafike pachiwalo chokayikiridwacho, ngati papita nthawi yaitali, kapena ngati funsolo likufuna mtundu wina wa makina. Sikani ndi imene ili payokha pankhaniyi, popeza zimene zimaoneka zimadalira dzanja la woyendetsa kachipangizo pamimba panthawi yomweyo, ndipo tizithunzi tiwiri kapena titatu timene wodwala amapatsidwa ndi tokhato timene wojambulayo anasankha kusunga. Maganizo achiwiri pa sikani amatanthauza kupangidwanso sikani ndi munthu wina, zimene zilibe vuto ku thupi popeza mulibe cheza.

Chimene chimatsekereza anthu ambiri si ndalama zokha koma ulemu, chifukwa munthu woleredwa bwino amaona ngati kupempha kuti wina aonenso ndi kuwanyoza adokotala pamaso. Mantha amenewa ndi omveka, koma ntchito ya zithunzi inavomereza kalekale nzeru ya makolo yakuti ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ku Britain, kumene ndondomeko ya boma yojambula mabere a amayi pofufuza khansa inayamba mu 1988, chithunzi chilichonse chimawerengedwa ndi anthu awiri, ndipo akasiyana nkhaniyo imapita kwa wachitatu kapena ku gulu. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito ndi kulandira chithandizo, chikalata cha ufulu wa odwala cha 1999 chimatchula mwachindunji ufulu wotumizidwa kwa dokotala wina kukamva maganizo ake. Njira yabwino ndi yodzera mwa dokotala woyamba yemweyo, kumuuza mwaulemu kuti popeza nkhaniyo ndi yaikulu banja likufuna kuti katswiri wina aonenso zithunzizo chithandizo chisanayambe, ndi kumupempha kalata. M'zipatala za boma kalata imeneyi ndi imene imatsegula khomo la chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu, ndipo nthawi zina dokotalayo angathe kutumiza zithunzi zokha wodwala osayenda. Amene wakanizidwa zithunzi zake kapena kalata popanda chifukwa chomveka angathe kukadandaula kwa mkulu wa chipatalacho kapena kwa ombudsman wa pachipatala.

Wowerenga wachiwiri woyenera ndi amene amaona zithunzi za mtundu umenewo kawirikawiri kuposa woyambayo, osati wongokhala ndi chipinda chokongola kapena wolipiritsa ndalama zambiri, ndipo ngati akugwira ntchito ku Malawi ayenera kukhala wolembetsedwa ndi Medical Council of Malawi. Intaneti yatsegula mwayi wotumiza zithunzi ku South Africa, ku India kapena ku Ulaya, ndipo mabanja amene ali ndi abale kunja amagwiritsa ntchito njirayi, koma kutalika kwa ulendo wa chithunzi si umboni wakuti yankho lake ndi loona. Katswiri wa ku London amene sanaonepo chikhodzodzo chowonongeka ndi likodzo, kapena amene TB ya mumsana amaiona kamodzi pa zaka zingapo, angathamangire kutchula khansa pamene mnzake wa ku Blantyre akanazindikira msanga, pokhapokha atauzidwa kumene wodwalayo amakhala ndi matenda ofala kumeneko. Ndi bwinonso kukumbukira kuti chipatala chimene chikupereka maganizo kwaulere, koma ndi chomwecho chimene chidzalandire ndalama za opaleshoni ndi za malo ogona, chili ndi mbali yake pankhaniyo.

Kompyuta nayo yalowa m'ntchitoyi. Mu 2021 World Health Organization inavomereza mapulogalamu a kompyuta owerenga X-ray ya pachifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo chaka chomwecho ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anafalitsa zotsatira za kuyesa njirayi pachipatala cha Bangwe ku Blantyre. Pulogalamu yotere imapereka nambala yosonyeza mmene chithunzi chikufananira ndi cha munthu wodwala TB, ndipo amene nambala yake yakwera amatumizidwa kukayezetsa makhololo pa makina a GeneXpert. Chilolezocho ndi cha TB basi, ndipo nambala yotsika sikutanthauza kuti m'chifuwamo mulibe khansa kapena matenda a mtima. Mapulogalamu ocheza nawo pa foni, amene ena amawatumizira zithunzi zawo, angathandize kufotokoza mawu ovuta a mu lipoti, koma amayankha motsimikiza mofanana pamene alondola ndi pamene aphonya, ndipo palibe bungwe limene wodwala angakawasumireko.

Akasiyana mawu

Malipoti awiri akagwirizana, wodwala amayamba chithandizo mtima uli m'malo, ndipo ndalama ndi masiku amene anataya sizinapite pachabe. Akasiyana, wachiwiri sakhala wolondola chifukwa chongobwera pambuyo, ndipo kufunafuna wachitatu kuti awiri agonjetse mmodzi si njira yopezera choona, popeza akatswiri awiri angaphonye mofanana pa chifukwa chimodzimodzi. Choyamba chimene dokotala wosamalira wodwalayo amachita ndi kuona ngati kusiyanako kukusintha chithandizo, chifukwa kambiri amasiyana mawu okha kapena tinthu tosakhudza matendawo. Ngati kukusintha, owerenga awiriwo amafunika alankhulane akuyang'ana chithunzi chimodzi, kapena nkhaniyo ipite kumsonkhano umene dokotala wa opaleshoni, wa khansa, wa zithunzi ndi woyeza minofu amakhalira pamodzi, ndipo wowerenga woyamba akavomereza kuti anaphonya amalemba mawu owonjezera pa lipoti lake kuti cholakwikacho chisapitirire m'mabuku.

Pa mafunso ambiri akuluakulu chithunzi sichingagamule, ngakhale chitawerengedwa ndi akatswiri khumi, chifukwa chimaonetsa maonekedwe ndi kukula kwa chotupa koma sichinena chimene chotupacho chapangidwa nacho. Khansa imatsimikizika podula kachidutswa ka mnofu n'kukayang'ana pa maikulosikopu, ntchito imene imachitika m'malabotale monga ya pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, imene inakhazikitsidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina, ndipo TB imatsimikizika popeza kachilombo kake m'makhololo kapena m'madzi otengedwa pamalo odwalawo. Pamene chinthu chokayikitsacho ndi chaching'ono ndipo mpata woti ndi choopsa ndi wochepa, madokotala amagwiritsa ntchito nthawi ngati chida choyezera. Pa zithunzi za mabere pali ndondomeko yotchedwa BI-RADS, yokonzedwa ndi American College of Radiology, imene imaika zotsatira m'magulu kuyambira 0 mpaka 6. Gulu 4 ndi gulu 5 amafuna kudula kachidutswa ka mnofu, pamene gulu 3 limatanthauza kuti mpata wa khansa sukupitirira 2 pa 100, ndipo mayiyo amauzidwa kuti adzajambulidwenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Njira yodikirayi imagwira ntchito pokhapokha tsiku lobwerera litalembedwa m'buku la kuchipatala, wodwala atabweradi pa tsikulo ngakhale asakumva ululu, ndipo chithunzi choyamba chitakhalapo kuti chatsopanocho chiyerekezedwe nacho.